Ananditsuka pa Dirafuti

Bwerani kuno nonse. Inu muli kuseriko siyani mbalezo, sizithawa. Sendezani mpandowo, ndikufuna ndizikuonani nkhope. Mafoni m'thumba, wailesiyo tsekani, lero wailesi ndine. Sutikesi iyi sindimasula mpaka nditamaliza kulankhula, ndiye amene mukudikira juzi ndi nsapato, yambani mwadikira ndi makutu. Chete tsopano.

Mukufuna ndikuuzeni za kuzizira, za ndege, za sitima zoyenda pansi pa nthaka. Zimenezo mukafunse ena. Ine ndikuuzani za khoma limodzi la m'nyumba ya mwana wanga ku Ilford, ndi zimene anandichita pakhomapo.

Mwana wanga wamkazi uja, namwino, amagwira ntchito pa chipatala chachikulu ku Romford. Ndiye anandiitana kuti ndikaone mdzukulu wanga, kamtsikana ka zaka zitatu kamene ndinkangokaonera pa foni. Viza yanga inali ya mlendo, ikatha umanyamuka. Choncho tsiku limene ndinafika ndinkadziwa kale kuti ndine wopita.

Nyumba yake ndi fulati, pamwamba pa mashopu, yothina ngati khola la nkhunda. Inu mukudziwa kuti ine ndi akamwini sitiyang'anana m'maso. Kuno n'kosavuta, iwo akakhala pakhonde ine ndimazungulira kuseri. Kumeneko kuseri kulibe. Tikakumana m'kanjira kopita ku bafa, iwo ayang'ana denga, ine ndiyang'ana kapeti, tipanikizana m'makoma ngati abuluzi. Ndiye akamwini akakhala pabalaza, malo anga anali kukhitchini, kuseri kwa chitseko. Chitsekocho chili ndi kampata. Zambiri za ku London ine ndinazionera pa kampata kameneko.

Tsopano pali asewele anga, amayi awo a akamwini. Iwowo amakhala ku Woolwich, kutsidya kwa mtsinje, anapita kalekale, nawonso namwino. Oyera khungu, chikwama cholendewera pachigongono, mawu otulukira m'mphuno. Amatere, tamverani: "Asewele, mwaizolowera weza? Muzivala ma leya, mudwala chesiti." Ndiye kuti nyengo, zovala zosanjikiza, chifuwa. Loweruka lililonse akwera sitima, afika, belu ngiri. Kamwana kaja kataya chilichonse, kathamanga, "Nana, Nana," kawakwera pakhosi. Ayamba Chingerezi chawo, aseka awiriwiri. Ine amene ndakasambitsa, ndakadyetsa phala sabata yonse, ndaima ndi supuni m'manja.

Ine sikankanditchula chilichonse. Chichewa kamamva bwinobwino, ukati bweretsa nsapato kabweretsa, koma kuyankha ndi Chingerezi. Kakandifuna kankangondikoka chitenje. Ndimati, "Nena agogo. A-go-go." Iko, "No." Kathawa.

Linafika tsiku lokumbukira kubadwa kwake. Keke, mabaluni, anthu a kutchalitchi mpaka m'kanjira. Akamwini anatijambula tonse pa sofa. Patapita masiku anati akufuna agogo onse awiri akhale pakhoma, aliyense m'felemu yake, pamwamba pa TV. Ndinamva kukoma. Ndinati apa pokha ndiye tikhala mofanana.

Kuno tikati kutsuka zithunzi, timapereka kwa wojambula, apita nazo kutauni, ife tidikira. Kumeneko amatsukira m'nyumba, popanda dontho la madzi. Ali ndi makina, pulinta, amakhala pansi pa tebulo. Ukhudza pa tabuleti, makinawo adzuka, ameza pepala, alavula munthu.

Anayamba ndi amayi awo. Anatenga pepala lochindikala, lonyezimira ngati mbale yadothi ya alendo. Makina anayamba, ziii, kupita. Ziii, kubwerera. Mosapupuluma, ngati mkwatibwi akulowa m'tchalitchi. Ine ndinateleka ketulo, madzi anawira, ndinathira tiyi, ndinamwa mpaka pakati, asewele akutulukabe. Atatuluka, inu, munthu weniweni. Ndolo zikuoneka, ufa wa kumaso ukuoneka, kumwetulira mpaka mano a m'mbali.

Kenako ndinamva, "Tsopano amayi." Ndinakonza duku kuseri kwa chitseko ngati akufuna kundijambulanso. Makina aja, tsakatsaka, fwaa. Basi. Ndisanaike n'komwe kapu pansi, ndinali nditagwa kale pa kapeti.

Mwana wanga anandibweretsera kukhitchini. Kapepala kopyapyala, kofanana ndi kokulungira zitumbuwa. Ine, wakuda bii chonchi, khungu limene bambo anu malemu ankalitamanda pamaso pa anthu, ndinatuluka mbuu ngati ndachokera kuchigayo. Kumaso mizere mizere ngati munda wolima ndi ng'ombe. Duku langa lofiira lija linasanduka la mtundu wa tiyi wamkaka. Maso munalibe, munali timautsi tiwiri.

Ndinati kwa mwana wanga, mokweza kuti pabalaza amve, "Uwafunse bambo akewo, anditsuka ndi sopo wanji kuti ndisuluke chonchi?"

Iye kuseka mpaka kugwira firiji. Akamwini anayankha akuyang'ana khoma, mawu awo aja ofatsa ngati akupempha moto: "Uwauze amayi kuti imeneyo ndi dirafuti chabe."

"Dirafuti? Ija amasewera amuna pamsika ndi zitsekerero za mabotolo? Uwafunse, akusewera ndi nkhope yanga?"

"Iyayi, uwauze amayi si ya masewerayo. Ndi yoyeserera, kuti tione ngati akwana m'felemu."

Ndiye anayamba kuliphunzitsa khomalo, ine ndikumvera kuseri. Akuti makinawa sapaka ngati penti, amalavula timadontho ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Ukawauza dirafuti, amaponya timadontho tochepa, patalipatali, kudutsa kamodzi kokha, n'chifukwa chake amathamanga. Ukawauza besiti, amathithikiza timadonthoto, kubwerezabwereza pamalo amodzi mpaka pepala litakhuta. Pamenepo inki imatsika msanga, makamaka pa pepala lonyezimira lija. Inki inali itatsala pang'ono, ndipo ndi yodula.

Ndinati, "Chabwino. Uwafunse, inki yochepayo bwanji inakwana kwa amayi awo?"

Apa mvetserani bwino. Anati, "Uwauze amayi kuti mami anavala zoyera, anaima cha ku khoma loyera, komanso ndi oyererapo. Choyera makina sathira inki, amangosiya pepala. Koma amayi anavala zakuda ndi zofiira, kumbuyo kwawo kuli katani ya buluu, ndiye khungu lawonso... limamwa inki kwambiri."

Mwana wanga anasiya kuseka. Ine ndinatsegula chitseko pang'ono, ndinalankhula ndi kapeti. Ndinati, "Kapeti iwe, wamva. Amayi awo ndi pepala chabe. Ine ndine inki."

Analonjeza. Akuti inki yatsopano ikabwera, woyamba ndine, pa besiti, pa pepala lonyezimira. Pakadali pano dirafutiyo ilowe kaye m'felemu, msomali usakhale chabe. Anatikhoma moyandikana. Asewele akuwala ngati nyali, ine pambali pawo ngati utsi wa nyaliyo.

Masabata anadutsa. Inki sinabwere. Alendo a kutchalitchi akafika, maso pakhoma: "Koma nesi awa sakalamba." Tsiku lina kunabwera mayi wina wa ku Zambia, woimba kwaya, wa mawu aakulu ngati anga. Anayang'ana felemu yanga, anapendeka mutu mwachisoni, n'kunena kuti, "Nanga aba ni bandani? Banafa liti?" Ine ndaima pambali pake, ndikumuthirira shuga mu tiyi. Ndinati, "Sanafe, mayi. Masupuni angati?"

Zimenezo ndinapirira. Chimene sindinapirire ndi ichi. Madzulo ena mwana wanga ananyamula kamwana kaja, n'kukaima nako pakhoma. Analoza asewele. "Uyu ndani?"

"Nana."

Analoza ine. "Nanga uyu?"

Kanayang'ana, kanayang'ana, kanabisa nkhope paphewa la amake. "Gositi." Ndinafunsa kuti gositi n'chiyani. Mwana wanga anati palibe, amayi, zachibwana. Ndinamukakamiza. Akuti mzukwa.

Ndinakhala pa mpando wa kukhitchini, ndinawerengera zinthu m'mutu. Ine ndikupita. Asewele akutsala, ndi sitima yawo, ndi Loweruka lawo, ndi Chingerezi chawo. Ndikakwera ndege, mpando wanga m'nyumba imeneyi ndi msomali umodzi uja basi. Kamwanaka kakula kakuyang'ana pamenepo, ndipo kakamafunsidwa kuti amayi a amako anali otani, kadzati anali mzukwa. Mtima unanditentha ngati ndameza khala. Ndikayang'ana felemu ya asewele ndinkaona ngati kumwetulira kuja kukukula tsiku ndi tsiku.

Kenako inki inabwera. Munthu wa maphukusi anagogoda, ndinalandira ndine. Akamwini atatsegula madzulo, ndinaona pa kampata kaja timabokosi tinayi, kakuda, kabuluu, kofiirira ndi kachikasu, ndi mtolo watsopano wa mapepala onyezimira. Ndinadzola mafuta kumaso, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinadikira. Ndikumva akuuza mkazi wawo: "Iyi ndi ya pate ya mami. Tipulinta zithunzi zawo zonse kuyambira ali ku koleji, tikazipachike pa chingwe mu holo."

Asewele ankapuma pa ntchito, ndiye ankawakonzera phwando ku Woolwich. Chingwe chathunthu cha asewele okhaokha, pa besiti.

Ndinamukokera mwana wanga kuchipinda. "Nanga ine?"

Anali atangochoka ku shifiti, maso ofiira, nsapato imodzi m'manja. Anati, "Amayi, pulizi. Ikatsala tikupangirani. Ndi chithunzi chabe."

"Ikatsala. Ine ndine wa zotsala."

"Amayi, ndatopa."

Ndinamusiya agone. Mwana wotopa sukangana naye.

M'mawa mwake onse anapita ku ntchito. Masana kamwana katagona, ndinatenga tabuleti. Musandiyang'ane choncho. Kusukulu sindinapite, koma tabuletiyo ndinkaiyatsa ndine tsiku lililonse kuti kaonere zidole zake, ndipo nkhope yanga ndimaidziwa. Ndinaipeza. Pamene akamwini ankakhudza ndinali nditapaona pa kampata. Ndinakhudza pomwepo. Panabwera mizere itatu ya zilembo, wapamwamba, wapakati, wapansi. Zilembo sizilankhula nane, koma makutu ndili nawo.

Ndinakhudza wapamwamba. Tsakatsaka, fwaa. Ndinati, "Ndakudziwa, ndiwe dirafuti, mdani wanga." Ndinakhudza wapakati. Anayendako bwino, koma mothamangabe ngati munthu wopereka moni ali panjinga. Ndinakhudza wapansi. Ziii. Ziii. Ndinati, "Eya, ndiwe ameneyo. Usafulumire, mwana wa eni."

Pepala lonyezimira loyamba ndinaliika chadodolido. Linatuluka lonyowa, inki yosauma, nkhope yanga inatsalira m'zala zangazi. Ndinatembenuza lachiwiri. Ndinateleka ketulo ngati tsiku lija la asewele, ndinakhala pa sofa penipeni, pamalo a akamwini, ndikumwa tiyi, ndikudzionera ndekha ndikubadwa.

Linayamba duku, lofiira psuu, timaluwa take tonse. Chipumi chakuda, chowala, mpaka ndinafuna kuchigwira. Makwinya onse analipo, ndipo sindinadandaule, ndi anga, ndinawagwirira ntchito. Kenako anatuluka maso.

Abale anga, maso aja sankayang'ana wojambula. Ankayang'ana cham'mbali, pansi, chakumanzere. Diso lakuthwa, loyera m'mbali, loti likakugwera umasiya kutafuna. Pakamwa pokhota, milomo itasongoka, ndili pakati pa kutsonya. Ndinatsatira disolo kuti likupita kuti. Pakona ya chithunzi panali kamutu ka mdzukulu wanga, ndi dzanja loyera la mphete litagwira kaphewa kake. Ndinakumbukira. Tsiku lija pa sofa kamwana kanali pamiyendo panga, ndiye akamwini akuti tiseke, asewele anakakokera kwawo. Dirafuti inabisa zonsezo mu utsi. Besiti sibisa kanthu.

Ndili chigwirire chithunzicho, ndinamva chitenje chikukokedwa. Kadzuka. Kanakwera pa sofa, kanasuzumira. Ndinafuna kubisa, ndinaopa kuti kalira. Kanaika kachala pa mphuno ya chithunzi, kanayang'ana ine, kanayang'ananso chithunzi.

"Agogo."

Ndinati, "Wati chiyani?"

"Agogo." Kenako kanatembenuza timaso cham'mbali, kanasongola timilomo, kanayesa kutsonya. Kanangotulutsa malovu, koma kutsonya kwake kunali kwanga, kwa kwathu kuno, kumene amayi anga ankatsonyera mbuzi.

Ndiye mukuti ndikanasiya pamenepo? Ndinakhudzanso wapansi uja. China cha kuchipinda kwake. China cha pafiriji. China cha pachitseko cha bafa, m'munsi, pamsinkhu wake, kuti asamachite kunyamulidwa pofuna kundiona. Makina akulira ziii, ife awiri tikuvina pa kapeti, iko kakuti agogo, agogo, chilichonse chikatuluka. Mpaka ndinayamba kutuluka wobiriwira ngati masamba a maungu. Chotsatira ndinatuluka wa mizere yapinki, wopanda chibwano. Kenako kanyali kanayamba kuphethira, makina anakhosomola, anaima. Ndinati wagwira ntchito, puma. Zabwinozo ndinamata ndi selotepi, chimodzi ndinalowetsa m'felemu, mzukwa uja ndinaupinda n'kuuponya mu bini.

Madzulo belu ngiri. Akamwini alowa ndi amayi awo, abwera kuti ayambe kutsuka za phwando. Ine ndinapita pamalo anga kuseri kwa chitseko. Ndinamva phazi la akamwini likuima. Kulikonse kumene atembenukire, ndikuwayang'ana cham'mbali, munthu amene chikwatire sanandionepo m'maso. Anagwada pa makina, anatsegula, anatulutsa timabokosi tija, anatigwedeza pakhutu. Mwana wanga anali atangolowa kumene. Akamwini anamuuza motsitsa, "Uwafunse amayi ngati... ngati pulinta inawavutitsa masana."

Ndinati, "Uwauze sinandivutitse. Ndi yaulemu kwambiri ukaiuza besiti."

"Uwauze amayi kuti inki yonse yatha. Yakuda, yofiira, yonse."

"Uwauze ananena okha kuti ndimamwa. Ndamwa."

Mwana wanga anakhala pansi, chikhatho kumaso, mapewa akugwedezeka. Kaya ankalira kaya ankaseka, sindinamufunse. Akamwini anapuma mozama, n'kunena kuti, "Uwauze amayi kuti diso limenelo ndinaliona pa tabuleti tsiku lomwe lija. Chifukwa china chimene ndinasiyira dirafuti n'chimenecho. Ndinkafuna ndidzawajambule china chabwino, akuseka."

Mwina ankanena zoona, ndi munthu wabwino, mwana wanga amamusunga bwino. Koma ndinati, "Uwauze kuti woseka alipo kale pakhomapo. Akabisa diso langa abisa ine."

Apa asewele analowa kukhitchini. Anachotsa chithunzi cha pafiriji, anavala magalasi, anachitalikitsa, anachiyandikitsa. Ndinawaona akutsatira diso lija pang'onopang'ono mpaka pakona. Anayang'ana mphete ya pachithunzi, anayang'ana ya pachala chawo. Anabwera pamene ndinali, kuseri kwa chitseko changa. Mawu a m'mphuno aja anali atathawa, analankhula Chichewa cha kumudzi chenicheni.

"Asewele, dzanja ili ndi langa?"

"Ndi lanu."

"Ndinakulakwirani chiyani ine?"

Ndinati, "Inu muli ndi Loweruka lililonse mpaka adzakwatiwe. Ine ndili ndi khoma."

Anachiyang'ananso kanthawi, n'kuchimatanso pafiriji, chokhota. Potuluka anati, "Koma duku ili ndi labwino." Ndinati ndikudziwa.

Za phwando musadandaule nazo. Zithunzi zawo anakatsukitsa ku shopu ina pa Ilford pomwepo, ndipo zinatuluka zazikulu kuposa zanga, zimenezo mpaka lero zikundiwawa. Chingwe chinayambira pakhomo la holo mpaka ku tebulo la zakudya, asewele ali mtsikana, asewele ali mu yunifomu, asewele agwira maluwa. Ndinayenda nacho chonse, ndinayang'ana chilichonse, zoyera zokhazokha. Ndinadya mpunga wawo ndi nkhuku, ndinavina nyimbo ziwiri kuti anthu asanene.

Masiku otsalawo kamwana kankayenda m'nyumba kakupereka moni kwa agogo a pafiriji, agogo a pabafa, agogo a pa TV, kenako kwa ine mwini. Amake akati idya masamba, diso cham'mbali. Abambo ake akati zimitsa tabuleti, diso cham'mbali, ndi malovu. Mwana wanga ankati, "Amayi, mwationongera mwana." Ine ndimati sindinaphunzitse munthu, ndi magazi.

Tsiku lonyamuka, m'mawa, akamwini anatsitsa sutikesi iyi, mwana wanga anakhala kutsogolo, ine kumbuyo kwa galimoto. Kamwana anati katsale, ku bwalo la ndege n'kutali, kavuta. Katsale ndi ndani? Mukudziwa kale. Ndinakapsompsona, ndinatsika masitepe osacheuka. Nditakhala m'galimoto ndinayang'ana m'mwamba. Pawindo paima asewele, mdzukulu wanga ali m'manja mwawo, dzanja la mphete lija lili paphewa pomwe paja. Mtima unayambanso kutentha. Ndinaona akuyesa kukaveka chipewa, iko kakukana. Kenako asewele anadzidzimuka, anakayang'anitsitsa, anakankha windo. Galimoto yayamba kale kuyenda, anthu ali pa siteji ya basi, azungu ndi amwenye onse akutembenuka, nesi wopuma wa ku Woolwich watulutsa mutu pawindo, akukuwa ngati ali kudambo:

"Asewele! Bwererani mudzatenge diso lanuli, mwana akundiyang'ana nalo!"